Mphaka wobisala kunsi kwa bedi musamukoke

Pali dandaulo limodzi limene latitopetsa ife madokotala a ziweto, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti limachokera kwa anthu amtima wabwino, amene atola mphaka pamsika kapena kukamutenga ku mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe. Amabwera akunena kuti mphakayo ndi wosayamika, chifukwa amupatsa mkaka ndi usipa koma akungokhalabe kunsi kwa bedi, ndipo akamutulutsa kuti awazolowere akuwakanda. Ndikafunsa kuti akumutulutsa bwanji, yankho silisintha: wina amagwada n'kumukoka mwendo kapena kumutosa ndi tsache, kenako ana amalandirana kumunyamula poganiza kuti akatero azolowera manja. Ndinene mosapita m'mbali kuti njira imeneyi ndi imene ikuchedwetsa kuchira kwa mphakayo, ndipo kwa amphaka ena imakulepheretseratu.

Tisaiwale kumene ambiri mwa amphakawa achokera. Ena anathiridwa madzi otentha chifukwa chovundukula mphika wa ndiwo, ena anagendedwa ndi ana, ena anamangidwa m'thumba n'kukatayidwa kutchire, ndipo akuda amazunzidwa koposa chifukwa chowaganizira za ufiti, ngakhale kuti dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuchitira nkhanza nyama. Mphaka wotere anaphunzira kuti dzanja la munthu likamayandikira, ululu ukubwera. Akabisala ndiye kuti akuchita chokhacho chimene chinamupulumutsa m'mbuyomu, ndipo inu mukamusolola pamalo obisalapo mukumutsimikizira kuti nyumba yanunso si yodalirika. Kukanda kumene mukudandaulako kumabwera pomalizira, makutu atagona kale chagada, maso atatong'oka, mchira ukumenya pansi, koma zizindikiro zonsezi anthu amazidumpha.

Palinso chinthu chimene ndimawauza anthu ngakhale sachikonda. Mwana wa mphaka amaphunzira kukhulupirira anthu ali ndi masabata apakati pa 2 ndi 7. Amene anagwiridwa mwachikondi pa msinkhu umenewo n'kudzazunzidwa atakula, kawirikawiri amabwerera mwakale akapeza mtendere. Koma amene anabadwira kudenga la golosale osakhudzidwa ndi munthu akhoza kukhala nanu moyo wake wonse osalola kunyamulidwa. Adzagona pafupi nanu, adzakutsatani kukhitchini, koma pamiyendo panu sadzakhalapo, ndipo kumeneko si kulephera kwanu kapena kwake.

Zoyenera kuchita si zambiri, chovuta ndi kudziletsa. Mupatseni chipinda chimodzi chopanda phokoso, muikemo katoni yoboola mbali ziwiri kuti adziwe kuti ali ndi pothawira, madzi, chakudya, ndi beseni la mchenga lodzithandiziramo limene likhale patali ndi mbale yake. Munthu mmodzi yemweyo azibweretsa chakudya pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kenako akhale pansi chammbali, osamuyang'anitsitsa, chifukwa kwa mphaka diso losaphethira ndi chiopsezo. Mukakumana naye maso, phethirani pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali. Akatswiri a pa yunivesite ya Sussex ku Britain anasonyeza mu 2020 kuti amphaka amayandikira mosavuta munthu amene wawaphethirira motero. Dzanja lanu likhale pansi, iye ndi amene abwere kudzalinunkhiza, ndipo akabwerera musamutsatire. Ana auzidwe momveka bwino kuti chipinda chimenecho si chosewereramo. Akakodza pamalo olakwika musamumenye kapena kumukhutiza mphuno pamkodzowo monga amachitira ena, chifukwa chokhacho chimene amaphunzirapo n'chakuti inunso mumamenya. Asatuluke panja mpaka patapita masabata angapo ndipo wayamba kubwera yekha mukamuitanira chakudya, apo ayi adzathawa ndipo simudzamuonanso.

Amphaka ena amatuluka pobisala patapita masiku ochepa, ena miyezi. Koma amene anadikirapo amadziwa chifukwa chake ndimawakonda amphaka otoledwa kuposa ena onse. Tsiku lina mumangoona akubwera mchira uli chilili, n'kudzikhula tsaya pamwendo panu. M'masaya mwake muli timatumba totulutsa fungo, ndipo akatero akukuikani chizindikiro chakuti ndinu wakwawo. Patsogolo pake amayamba kupondaponda nsalu ndi timiyendo takutsogolo monga ankachitira poyamwa, n'kugona chagada pakati pa nyumba mimba ili pamtunda, malo amene nyama yamantha siionetsa. Chikhulupiriro cha mphaka amene anazunzidwapo sichigulidwa ndi usipa, ndipo chikafika mumadziwa kuti wachita kusankha yekha.

Komatu apa m'pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa uphungu wakuti mudikire ukhoza kupha ngati mwaumva theka. Mphaka amabisa ululu, ndipo wodwala amabisala chimodzimodzi ndi wamantha. Kusiyana kwake muziona m'mbale ndi mumchenga. Wamantha amadya usiku anthu akagona, ndipo m'mawa mumapeza mbale yatha, mchenga wafukulidwa. Ngati papita masiku awiri osakhudza chakudya, imeneyo si nkhani yodikira, chifukwa mphaka akasiya kudya mafuta a m'thupi amakaunjikana m'chiwindi n'kuchiononga, makamaka ngati anali wonenepa. Mphaka wamphongo amene akupitapita pamchenga, akudzikakamiza n'kumalira koma mkodzo osatuluka, ndiye kuti njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo akhoza kufa pasanathe masiku awiri kapena atatu. Ameneyo mupite naye nthawi yomweyo, ngakhale ndi Lamulungu. Ndiponso mphaka aliyense wotoledwa ayenera kuonedwa ndi dokotala m'masiku oyambirira, popeza ambiri amene amatchedwa olusa timawapeza ndi fupa lothyoka limene linalumikizana mokhota, dzino lowola, kapena chithupsa chobisika m'ubweya. Mukamusisita pamenepo n'chifukwa chiyani asakulumeni?

Pali mphaka wina wamkazi amene sachoka m'maganizo mwanga. Anatoledwa ali ndi bala la madzi otentha pamsana, ndipo banja limene linamutenga linachita zonse molondola: chipinda chake, katoni yake, kuleza mtima kwake. Anali atayamba kudya m'dzanja la mtsikana wa m'nyumbamo, bala likuuma, ubweya ukumera m'mbali. Tsiku lina anayamba kutsimphina, ndipo bambo wa m'nyumbamo anafunsa munthu wina wogulitsa mankhwala a ziweto, amene anamuuza kuti amudulire theka la Panado, popeza ngakhale ana amamwa. Anamupatsa madzulo, n'kumuonjezeranso m'mawa ataona kuti wafooka. Pofika kwa ife nkhope ndi mapazi zinali zitatupa, nkhama zitasanduka zabulauni, akupuma movutikira kukamwa kuli yasa. Chiwindi cha mphaka chilibe mphamvu yosungunula paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, monga chimachitira cha munthu, choncho mankhwalawo amaononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, ndipo piritsi limodzi la mamiligalamu 500 ndi lokwanira kumupha. Mankhwala othetsa poizoniyu alipo, dzina lake N-acetylcysteine, koma amathandiza akaperekedwa m'maola oyambirira. Ife tinayesa, koma anali atachedwa. Kutsimphina kuja kunachokera ku kachithupsa ka kuphazi, kamene tikanakatsuka n'kumubweza kunyumba tsiku lomwelo. Chimandiwawa n'chakuti mphaka ameneyu anapulumuka m'manja mwa anthu omuda, koma anamwa piritsilo m'dzanja limene anali atangoyamba kulikhulupirira, ndipo wogulitsa uja mwina akuperekabe uphungu womwewo.

Choncho ndibwereze: Panado, Brufen ndi mankhwala ena opha ululu a anthu musamupatse mphaka, ngakhale kachidutswa. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa opangira agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amamuchititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa, ndipo dibi ya ng'ombe ndi yoopsa chimodzimodzi. Oyilo wakuda wa galimoto amene anthu ena amapaka pa zipere kapena pabala amathera m'mimba, chifukwa mphaka amadzinyambita thupi lonse. Aliyense amene akukugulitsani ufa kapena madzi a m'kabotolo kopanda dzina, osafunsa n'komwe kulemera kwa mphakayo, akufuna ndalama yanu basi. Tameki woikira makoswe achotsedwe pakhomo mphaka asanafike. Pa chakudya ndinene mwachidule kuti nsima yokha simukwanira popeza thupi lake limadalira nyama ndi nsomba, ndiwo zokazingira anyezi kapena adyo zimamuononga magazi, ndipo mkaka umene anthu amauthamangira umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu.

Za chiwewe sindingazisiye, chifukwa mphaka wotoledwa mbiri yake simukuidziwa. Anthu ambiri amaganiza kuti katemera ndi wa agalu okha, mwina chifukwa kampeni zikuluzikulu monga za Mission Rabies, zimene zinayamba ku Blantyre mu 2015, zimalunjika kwambiri pa agalu, koma mphaka nayenso amatenga chiwewe ndipo amapatsira anthu. Mubayitseni katemera msanga, ndipo pa ulendo womwewo kambiranani za mankhwala a njoka za m'mimba ndi za kumufula kapena kumutseketsa kubereka, poti wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha. Akakulumani kapena kukukandani mpaka kutuluka magazi, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone ngati litupe. Mano a mphaka ndi osongoka ndipo amalowetsa majeremusi mkati ngakhale bala likuoneka laling'ono. Mphakayo musamuphe kapena kumutaya chifukwa cha mkwiyo, koma mutsekereni n'kudziwitsa a vetenale kuti amuyang'anire kwa masiku 10.

Ndipo ngati mwamupatsa kale mankhwala ena alionse, bwerani ndi paketi yake ndipo mutiuze nthawi yeniyeni imene anamwa. Ambiri amabisa poopa kudzudzulidwa, ife n'kumataya maola tikufufuza chimene iwo akuchidziwa, pamene maola amenewo ndi amene mphakayo akuwasowa.