Rapu si kungobwebweta mothamanga

Anthu ambiri ku Salima, ngakhale ena oimba kwaya, amakhulupirirabe kuti woimba rapu amangobwebweta mothamanga osalemba kalikonse. Maganizowa ndi olakwika. Chiyambireni nyimbozi ku Bronx, mumzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, oimba akhala akuyeza mawu awo ndi kugunda kwa ng'oma, ndipo ndime imodzi kawirikawiri imakhala ndi mizere 16, mzere uliwonse ng'oma ikugunda kanayi.

Mu Chichewa ntchitoyi ndi yovutirapo. Popeza mawu athu amathera ndi lembo la liwu, kufananitsa mathero a mizere nkosavuta. Chovuta ndi chakuti phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mzere limatalika, choncho wolemba akaliika pamalo osagwirizana ndi ng'oma, omvera amazindikira msanga kuti mzerewo ukutsimphina.