Ayi, si Aroma anabweretsa nsalu ku Spain

Anthu ambiri amaganizabe kuti Aroma asanafike ku Iberia, komwe lero kuli Spain ndi Portugal, anthu akumeneko ankangovala zikopa basi. Zimenezi sizoona ndipo zimandiwawa kwabasi chifukwa tikufufuta ntchito ya azimayi omwe ankapota ulusi tsiku ndi tsiku.

Aroma anafika mu 218 BC, koma mudzi wa La Bastida de les Alcusses kufupi ndi Valencia unali utawonongedwa kale cha m'ma 300 BC, ndipo m'nyumba zake akatswiri anapezamo timibulu tadothi toboola pakati, tija ankaveka pa kamtengo kuti kazizungulira bwino popota ubweya wa nkhosa kapena fulakesi (chomera chopangira nsalu zabafuta), komanso zolemetsa zadothi zomwe ankamangirira kunsi kwa ulusi pa chowombera nsalu choimirira kuti ulusiwo ukungike. Za wilo yopotera ulusi iwalani, inafika ku Ulaya mochedwa, cha m'ma 1200 AD.

Ndiye tamvani izi, Aroma eni akewo ankasilira nsalu zabafuta za ku Saetabis, tauni ya ku Spain yomwe lero ndi Xàtiva, mpaka Pliny, wolemba mabuku wachiroma, analemba zoziyamikira. Cha m'ma 140 BC, pokambirana zamtendere, Aroma anauza anthu a m'mizinda ya Numantia ndi Termes ku Iberia komweko kuti apereke zofunda zaubweya 9,000.