Mwana akamatola maluwa pakati pa gemu ya baseball, musafulumire kumukalipira

Loweruka m'mawa kuno ku America ukafika pa bwalo la baseball ya ana ang'onoang'ono sulephera kuona kamwana kamodzi katakhala pansi chakumapeto uko, gulovu katayivala kumutu ngati chipewa, kakuthyola timaluwa tachikasu ta mu udzu mpira ukudutsa pambali pake penipeni. Bambo ake ali kuseri kwa waya kukuwa, "Dzuka iwe, mpira uwo!" Ine ndine mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi ndipo ndimakochanso timu ya ana a zaka 5 ndi 6, ndiye makolo anzathu ochokera kumudzi amandifunsa kawirikawiri kuti akochi, mwana wangayu ndi chibwana chabe kapena pali vuto? Nthawi zambiri mwanayo ali bwinobwino.

Bungwe la Little League, lomwe limayendetsa baseball ya ana, linayambitsidwa ndi Carl Stotz mu 1939 ku Williamsport, Pennsylvania, ndipo gawo lake la ana a zaka 4 mpaka 7 amalitcha Tee Ball. Pagawo limeneli mpira umakhazikidwa pa kamtengo ka labala, mwana n'kuumenya ndi bati, ndodo yomenyera mpira. Zija mumaonera pa TV mwezi wa Ogasiti, Little League World Series, komwe timu ya ku Uganda inakasewera mu 2012, ndi ana a zaka 10 mpaka 12 osankhidwa kale. Musayerekeze mwana wanu wa zaka zisanu ndi amenewo.

Chomwe makolo ambiri sachiona ndi chakuti baseball ndi masewera odikira. Mpira wachikulunga womwe ife tinakula nawo aliyense amathamanga, fumbi kobo, palibe wopeza mpata woyang'ana kumwamba. Koma kuno mmodzi yekha ndi amene akumenya, anzake ali pa benchi, enawo angoima m'bwalo kudikira, ndiye poti mkono wa mwana wa zaka zisanu sunalimbe mpira sufika patali, yemwe tamuika kumapetoyo atha kumaliza gemu yonse osaugwirako n'kamodzi komwe. Kuwonjezera apo, mbali yakutsogolo ya ubongo yomwe imathandiza munthu kudzigwira ndi kuika maganizo pachinthu chimodzi imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Tikumupempha mwana chinthu chomwe thupi lake silinakonzekere, kenako tikumukalipira pagulu. Zimandipweteka ndikaona kamwana kakugwetsa nkhope chifukwa chakuti kamatsatira gulugufe.

Koma pali pomwe sindinyengerera ngakhale pang'ono, ndipo ndi pa bati. Ndodo imeneyi ndi yachitsulo, mwana akaigwedeza osayang'ana kumbuyo mano a mnzake apita. Kwa ine wogwira bati ndi mmodzi yekha, yemwe ndi nthawi yake yomenya, atavala chipewa cholimba choteteza mutu, ndipo ngakhale malamulo a Little League salola ana a msinkhu umenewu kumayeserera kumenya pambali podikira. Chinanso ndi mpira. Ana a Tee Ball amagwiritsa ntchito wofewerako, komabe mpira ukamenya pachifuwa nthawi yolakwika utha kusokoneza kagundidwe ka mtima, madokotala amati commotio cordis, sizichitika kawirikawiri koma baseball ndi amodzi mwa masewera omwe zimachitikira kwambiri. N'chifukwa chake mwana yemwe lero maganizo ali kwina sindimuika pafupi ndi womenya. Kuwaza anzake dothi m'maso kapena kuwanyoza akalephera, izonso ndimaletsa pompo.

Zotsalazo ndi ntchito ya kochi. Pa pulakatisi ndimawagawa atatuatatu kapena anayianayi, ena akuponyerana, ena akuthamanga, ena akumenya, pakapita mphindi zochepa asinthana, ndipo sitipitirira ola limodzi. Pa gemu ndimawasinthasintha malo kuti asamangokhala yemweyo kumapeto. Sindiwauza kuti akhale tcheru nthawi yonse ayi, ndimangopempha kanthawi kochepa, womenya akaima ndimakuwa "manja pa mawondo!" onse n'kuwerama maso kutsogolo, mpira ukamenyedwa n'kutha, apume. Zimenezi mwana wa zaka zisanu amazikwanitsa.

Nthawi yomwe ndimauza kholo kuti tiyeni tifufuze ndi pamene zomwezi zikuchitikanso kusukulu ndi kunyumba, kumuitana kangapo osatembenuka, kapena mpira ukubwera moongoka iye osauona. Pamenepo yambani mwakamuyezetsa makutu ndi maso, kenako mukambirane ndi dokotala wa ana komanso aphunzitsi ake. Ngati ndi pa bwalo pokha, musiyeni. Mukakwera galimoto pobwerera, m'malo moyamba kumuwerengera mipira yomwe waiphonya, mufunseni dzina la mnzake yemwe anakhala naye pa benchi.