Apusi a usiku: ndalama zowagwira zinalipo, zowawerenga ndiye zimavuta

Mukamva zoti pusi wa usiku musaganize za changa ayi, changa amayendadi usiku koma si pusi. Amene ndikunena ine amakhala ku America, kuchokera ku Panama mpaka kumpoto kwa Argentina, asayansi amawatchula kuti Aotus, ndipo ndi okhawo mwa apusi onse padziko amene amagona masana nkumadya usiku. Ndi kanyama ka pafupifupi kilo imodzi basi, maso akulu ngati a kadzidzi, kamabisala m'mphako za mitengo kapena m'ziyangoyango zothithikana.

Ife ogwira ntchito yowerenga nyama mtchire timadziwa kuti nyama yotere imadya bajeti. Njovu umaiwerenga uli mu ndege. Uyu ayi, umayenera kukhala pansi pa mtengo wake dzuwa likamalowa, tochi kumutu, khosi lopweteka ndi kuyang'ana kumwamba, mwezi ukapanda kuwala naye sayendayenda kwambiri ndiye usiku wonse utha kubwerako opanda chomwe walemba. Ndalama zimathera pa zinthu zosachititsa kaso, mabatire, majombo, mafuta a boti, kakolala ka wayilesi komuveka pakhosi kuti uzimupeza mawa, makamaka malipiro a anthu a m'mudzi odziwa nkhalango, omwe popanda iwo wasayansi sangapeze ngakhale mtengo umodzi wogonamo apusiwa.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi, madona ambiri amapereka thandizo la chaka chimodzi kapena ziwiri nkumafuna ripoti, pomwe nyamayi imabereka mwana mmodzi pa chaka. Zaka ziwiri uona chani? Sungadziwe ngati akuchepa kapena akungosamuka. Onani ku Formosa, ku Argentina, komwe Eduardo Fernandez-Duque anayambitsa Owl Monkey Project mu 1996 ndipo akhala akutsatira mabanja a apusi a m'nkhalango yomweyo kwa zaka zoposa 25. Ndi chifukwa cha kudekha kumeneku tikudziwa kuti amakhala awiriawiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mwana amaberekedwa ndi bambo wake pafupifupi nthawi yonse, kwa mayi amangopitako kukayamwa. Atayeza magazi anapezanso kuti anawo ndi a bambo wa pakhomopo ndithu. Zimenezi zatheka polumikiza ndalama za mabungwe ngati National Science Foundation, National Geographic Society ndi Leakey Foundation, izi zikatha kupempha zina, ndipo pakati pakangoduka chaka chimodzi ndiye kuti sudziwanso kuti wamwalira ndani, wabadwa ndani.

Tsono nkhaniyi imatikhudza ife a kuno chifukwa cha malungo. Apusiwa ndi ena mwa nyama zochepa zomwe zimatha kudwala malungo a anthu, ndiye kuyambira m'ma 1960 akhala akugwiritsidwa ntchito poyesa mankhwala ndi akatemera. Ku Leticia, tauni ya Colombia yomwe ili pamalire ndi Peru ndi Brazil m'mbali mwa mtsinje wa Amazon, kunali malo a kafukufuku a Manuel Elkin Patarroyo, uja anapanga katemera wa SPf66 yemwe anakayesedwa mpaka ku Tanzania ndi ku Gambia koma sanateteze mokwanira. Alenje a m'midzi ankalipidwa pa pusi aliyense wamoyo, ndipo kuti umugwire nthawi zambiri umadula mitengo yozungulira pomwe wagona kuti asowe kothawira. Sindikunyoza kafukufuku wa malungo, tonse taikapo maliro a matendawa. Ndikungoti ndalama zogwira nyama zinalipo chaka ndi chaka, koma zoti munthu akaone kuti mtchiremo mwatsala angati kunalibe amene ankazifunsa.

Amene anakawerenga ndi Angela Maldonado wa bungwe la Entropika. Anayenda m'midzi ya mbali zonse za malire kufunsa alenje komanso kuwerenga apusi usiku, ndipo anayerekeza kuti pafupifupi 4,000 anagulitsidwa mu 2007 ndi 2008, ambiri ochokera ku Peru ndi Brazil popanda zikalata zomwe CITES, pangano la mayiko lokhudza malonda a nyama ndi zomera zamtchire, limafuna. Mu 2010 analandira mphoto ya Whitley Gold Award, mu 2012 khoti la ku Colombia linalanda ziphaso zogwirira apusiwo, ngakhale mlanduwo unapitirira kukokanakokana zaka zotsatira. Khoti silimva zoti "ndikuona ngati achepa", limafuna manambala, ndipo manambala amenewo anagulidwa ndi mafuta a boti ndi mabatire aja. Mtundu womwe unkagwidwa kwambiri, Aotus nancymaae, pano uli pa mndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe.

Kumapiri a kumpoto kwa Peru kuli mtundu wina, Aotus miconax, womwe sukupezeka dziko lina lililonse, ndipo mdani wake wamkulu si wogwira ayi koma nkhwangwa, nkhalango ikusanduka minda ya khofi ndi msipu wa ng'ombe. Bungwe la Neotropical Primate Conservation limagwira ntchito ndi alimi a m'zigawo za Amazonas ndi San Martín ku Peru komweko kuti midzi izisunga yokha nkhalango zake, koma kuti mudzi udziwe chigawo choyenera kusiya osadula pamafunika munthu wolipidwa woti akhale pansi pa mitengo ija usiku, miyezi ndi miyezi, mpaka adziwe kuti banja lililonse limagona pati ndipo limadya mpaka pati.