A Cherokee sanangonyamuka mwakachetechete ayi

Ambiri amaganiza kuti a Cherokee, mtundu wina wa amwenye a ku America, atauzidwa kuti achoke ku Georgia, chigawo cha dziko la United States, anangolongedza katundu, kapena anamenya nkhondo ya mauta ngati zam'mafilimu zija. Ayi ndithu. Anthuwa anali ndi malamulo aakulu oyendetsera mtundu wawo olembedwa kuyambira 1827, nyuzipepala yawo Cherokee Phoenix, ndipo nkhondo yawo inali yakukhoti, moti mu 1832 Supreme Court, khoti lalikulu la United States, pa mlandu wa Worcester inagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu pa malo awo koma pulezidenti Andrew Jackson sanalabadeko. Pangano la New Echota la 1835, loti a Cherokee apereke malo awo n'kusamuka, anasaina ndi kagulu kochepa chabe, mtsogoleri wa a Cherokee John Ross anasonkhanitsa masiginecha pafupifupi 15,000 okana, koma Senate, imodzi mwa nyumba zamalamulo za United States, inalivomerezabe, mopambana ndi voti imodzi basi. Mu 1838 asilikali anawasamutsa mokakamiza, pafupifupi 4,000 anafa.