Mzinda wa Anyani Umene Mafilimu Sanaumange

Kuyambira mu 1968 kufika mu 2024 patuluka mafilimu 10 a Planet of the Apes, ndipo pambali pa mafilimuwo pali sewero la pa wailesi ya kanema, makatuni ndiponso makomiki ochuluka, omwe ndi mabuku ofotokoza nkhani m'zithunzi zojambula pamanja. Zonsezi gwero lake ndi buku limodzi lachifalansa, La Planète des singes, lomwe Pierre Boulle anatulutsa mu 1963. Komabe pa mafilimu onsewo palibe ngakhale imodzi imene inafotokoza nkhani ya m'bukulo monga mmene mwini wake anailembera. Kwa ife amene timaphunzitsa za kusandutsa buku kukhala filimu, chitsanzo chimenechi n'chamtengo wapatali, chifukwa chimaonetsa poyera kuti nkhani imasinthidwa ndi ndalama zimene zilipo, zipangizo zimene amisiri ali nazo m'manja, komanso mantha amene anthu a m'badwo umenewo akugona nawo.

Boulle anabadwira ku Avignon mu 1912, anaphunzira uinjiniya, anagwirapo ntchito m'minda ya mitengo ya raba ku Malaya, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwidwa n'kutsekeredwa ku Indochina. M'buku lake la anyani, mtolankhani wina dzina lake Ulysse Mérou akunyamuka pa dziko lathu m'chaka cha 2500 pamodzi ndi Pulofesa Antelle ndi wophunzira wake Arthur Levain, ulendo wa ku nyenyezi ya Betelgeuse. Kumeneko akupeza dziko lofanana ndi lathu limene akulitcha Soror. Anthu a m'dzikolo salankhula, amayenda maliseche m'nkhalango ndipo amasakidwa ngati nyama, pamene anyani ali ndi mizinda, magalimoto, ndege, nyuzipepala ndi malo ochitira kafukufuku wa sayansi. Agorila ndiwo alenje ndi oyendetsa zinthu, aorangutani ndiwo asunga maphunziro akale amene salola kutsutsidwa, ndipo achimpanzi ndiwo amafufuza zatsopano. Mérou akuikidwa m'chikwere, ndipo kuti aonetse kuti ali ndi nzeru akujambulira Zira, chimpanzi wasayansi, chithunzi cha lamulo la masamu la Pythagoras. Pambuyo pake akuphunzira chilankhulo cha anyaniwo pang'onopang'ono mpaka kufika polankhula pamsonkhano wawo waukulu.

Mtima wa bukuli uli pa funso lakuti anthu a ku Soror anagwa bwanji. Yankho la Boulle lilibe bomba, lilibe mliri. Anthuwo anaphunzitsa anyani ntchito, anyaniwo anayamba kutengera zonse zimene ankaona, ndipo eni akewo anachita ulesi wa m'maganizo: anasiya kuwerenga, anasiya kuganiza, kenako anangosiyira anyani nyumba zawo n'kulowa m'tchire osalimbana nawo n'komwe. Pofuna kuti wowerenga asaganize kuti zimenezi zingachitikire anthu achilendo okha, Boulle akutionetsa Pulofesa Antelle, munthu wanzeru kuposa onse pa ulendowo, atakhala kanthawi kumalo osungirako nyama, wasiya kulankhula ndipo akupempha chakudya kwa odzaona ngati anthu ena onse a m'chikweremo. Palibe amene anamuchita opaleshoni. Anangotsika yekha.

Tsopano tione zimene zinachitika nkhaniyi itafika ku Hollywood. Arthur P. Jacobs, amene anagula ufulu wopanga filimuyo, anapatsa Rod Serling ntchito yolemba sewero lake, ndipo Serling anatsatira bukulo pa nkhani ya chitukuko cha anyani: analemba za mzinda wamakono wokhala ndi misewu, magalimoto ndi anyani ovala masuti. Vuto linali mtengo. Mzinda wotero umafunika kumangidwa, ndipo munthu aliyense woyenda mumsewumo, ngakhale amene akungodutsa chapatali, amafunika nkhope ya nyani. Michael Wilson atailembanso nkhaniyo, anyani anabwezedwa m'mbuyo: anakwera pa akavalo, ananyamula mfuti ndi maukonde, n'kumakhala m'mudzi wa nyumba zooneka ngati zogobedwa m'miyala, umene unamangidwa pa famu ya kampani ya 20th Century Fox pafupi ndi Malibu. Ndalama zonse za filimuyo zinali madola pafupifupi 5.8 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linapita ku ntchito ya John Chambers yopanga nkhope za anyani. Chambers anapanga zidutswa zofewa zomatidwa pankhope ya wosewera kuti maso ndi masaya zizitha kuyenda, ndipo osewera monga Kim Hunter, Roddy McDowall ndi Maurice Evans ankakhala pampando maola angapo m'mawa uliwonse akuwamata. Ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto yapadera ya Oscar. Tingathe kunena kuti opanga filimuyo anasinthanitsa mzinda ndi nkhope, ndipo pa zimene kamera inkafuna anasankha bwino, chifukwa woonera amakhulupirira Zira poona maso ake, osati poona nyumba imene ili kumbuyo kwake.

Kusintha kwachiwiri kukukhudza chilankhulo. M'buku, wolemba akhoza kunena m'mizere iwiri kuti panapita miyezi munthu akuphunzira kulankhula ndi omugwira, koma filimu ya maola awiri singapirire zimenezo. Choncho anyani a mu 1968 amalankhula Chingerezi, ndipo kuti George Taylor, woyenda m'mlengalenga amene analowa m'malo mwa Mérou ndipo anaseweredwa ndi Charlton Heston, asathetse nkhaniyo msanga mwa kungotsegula pakamwa, olemba anakonza zoti aomberedwe pakhosi pa nthawi ya kusaka. Njira imeneyi imagwira ntchito, ndipo mphindi imene mawu ake akubwerera ili m'gulu la mphindi zamphamvu kwambiri mufilimumo. Koma ili ndi mtengo wake. Munthu woganiza angafunse kuti Taylor analephera bwanji kuzindikira kumene ali pamene aliyense womuzungulira akulankhula ndi kulemba chilankhulo cha kwawo. Chofunika kwambiri kwa ine n'chakuti Mérou amapambana mwa kuleza mtima ndi kuphunzira, pamene Taylor amapambana mwa kukuwa ndi kuthawa. Ndiponso mnzake wa Taylor, Landon, amapezeka atasiya kulankhula chifukwa anyani anamudula ubongo. Zimene zinachitikira Antelle mwa iye yekha zasanduka nkhanza yochitidwa ndi mdani, ndipo pamenepo mlandu wachoka pa munthu n'kupita pa nyani.

Mathero a filimu ya 1968, imene inatsogoleredwa ndi Franklin J. Schaffner, ndi odziwika ngakhale kwa amene sanaionere: Taylor akuyenda m'mphepete mwa nyanja n'kupeza chiboliboli chotchuka cha ku New York cha Statue of Liberty chitakwiririka mumchenga mpaka m'chifuwa. Dziko la anyani ndi dziko lathu lomwe lino, ndipo anthu analiwononga okha ndi mabomba a nyukiliya. M'buku mulibe zimenezi. Soror ndi dziko lina ndithu. Mérou akuthawako ndi Nova, mkazi wa ku Soror amene anakondana naye, ndi mwana wawo Sirius, akutera pa bwalo la ndege la Orly ku Paris patapita zaka pafupifupi 700, ndipo msilikali amene akutsika m'galimoto kudzawalandira ndi gorila. Kenako tikuzindikira kuti Jinn ndi Phyllis, amene anatola botolo la uthenga wonsewu m'mlengalenga koyambirira kwa buku, nawonso ndi achimpanzi, ndipo sakukhulupirira kuti munthu angalembe nkhani. Chinsinsi chomalizachi chimatheka papepala pokha, poti wolemba akhoza kubisa maonekedwe a munthu kwa masamba mazana awiri, pamene kamera imaulula nkhope pa sekondi yoyamba. Boulle mwini wake ankakonda mathero ake kuposa a filimu, koma kwa anthu a ku America amene anali atangodutsa m'mantha a mizinga ya ku Cuba mu 1962 ndipo ana awo ali pa nkhondo ku Vietnam, bomba ndilo linali yankho lomveka.

Kuchokera pamenepo m'badwo uliwonse unaikamo mantha ake. Mafilimu anayi otsatira anatuluka chaka ndi chaka kuyambira 1970 mpaka 1973, ndalama zikucheperachepera, moti m'magulu a anyani oima kumbuyo mumaoneka zigoba zongovala kumutu m'malo mwa nkhope zomata. Pa anayiwo, Conquest of the Planet of the Apes ya mu 1972 ndiyo inayandikira kwambiri ganizo la Boulle la anyani ogwira ntchito za m'nyumba, koma inalisandutsa nkhani ya ukapolo ndi kuukira, yojambulidwa pakati pa nyumba zakonkire za ku Century City ku Los Angeles, mzinda umene unali usanaiwale zipolowe za mu 1965 za m'dera lake la Watts. Mathero ake oyamba anali aukali kwambiri moti anawafewetsa filimuyo isanatulutsidwe. Sewero la pa wailesi ya kanema ya CBS la mu 1974 linatha patangopangidwa zigawo 14.

Mzinda umene kamera inalephera kulipira unaonekera kumene cholembera chimalamula. Kujambula gorila akuyendetsa galimoto kumadya inki yofanana ndi kumujambula ali pa kavalo. N'chifukwa chake makatuni a Return to the Planet of the Apes, amene anaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC mu 1975 m'zigawo 13, anapatsa anyani magalimoto, wailesi za kanema ndi asilikali a zida zamakono. Zithunzi zake zinkayenda mouma chifukwa ndalama zinali zochepa, komabe pa maonekedwe a dziko la anyani makatuniwa ali pafupi ndi buku kuposa filimu iliyonse. Ku makomiki, kampani ya Marvel inatulutsa magazini ya zithunzi zakuda ndi zoyera kuyambira 1974 mpaka 1977, makope 29, ndipo Doug Moench analembamo mafilimu onse asanu komanso nkhani zatsopano, zina zojambulidwa ndi Mike Ploog, zimene zinatengera owerenga kumapiri, kumitsinje ndi kwa mitundu ya anyani imene situdiyo sikanakwanitsa kuivalika. Ku Britain magazini yake inkatuluka mlungu uliwonse ndipo inkadya masamba mofulumira kuposa mmene a ku America ankajambulira, moti akonzi anatenga nkhani ina yosakhudzana ndi anyani, ya Killraven, n'kujambula mitu ya anyani pa adani ake n'kuitcha Apeslayer. Chochitika chimenechi chikuonetsa mbali ina ya makomiki amene amatsatira filimu: ali ndi ufulu wojambula chilichonse, koma amene akuwagula akufuna anyani amene anawaona pa kanema, osati a m'buku.

Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti makomiki awiri ndi ofunika kuposa ena onse. Loyamba ndi la ku Hungary la mu 1981, lojambulidwa ndi Ernő Zórád, limene linachokera m'buku la Boulle mwachindunji osadzera ku Hollywood. Lachiwiri ndi Planet of the Apes: Visionaries, limene kampani ya BOOM! Studios inatulutsa mu 2018, filimu yoyamba itakwanitsa zaka 50. Dana Gould ndi Chad Lewis anatenga sewero la Serling lija limene linakanidwa chifukwa cha mtengo n'kulijambula lonse, mzinda wake ndi masuti ake omwe. Wowerenga amaona momwemo kuti nkhaniyo imaluma mosiyana anyani akakhala ofanana nafe m'zovala ndi m'ntchito. Nyani wa pa kavalo tingamuone ngati mdani wachilendo, koma nyani wokhala muofesi amatikakamiza kufunsa kuti pa zimene timachita tsiku ndi tsiku ndi zingati zimene zimafunadi kuganiza, ndipo ndi zingati zimene ndi kutengera chabe. Funso limenelo ndi la Boulle.

Filimu ya Tim Burton ya mu 2001 inabwereka mathero a buku, chifukwa woyenda m'mlengalenga amabwerera ku dziko lathu n'kupeza apolisi ali anyani ndipo chiboliboli cha ku Lincoln Memorial, malo okumbukirako pulezidenti Abraham Lincoln ku Washington, chili ndi nkhope ya chimpanzi, koma poti nkhani yonse sinakonzekeretse woonera, ambiri anatuluka osokonezeka. Mafilimu oyambira mu 2011 ndi Rise of the Planet of the Apes anachotsa vuto lakale la nkhope: Andy Serkis ankasewera Caesar, chimpanzi wotsogolera anyani anzake, atavala tizida tojambula kayendedwe ka thupi ndi nkhope yake, ndipo amisiri a Weta Digital ku New Zealand ankamanga nyaniyo pa kompyuta. Lero ndalama ndi luso zomangira mzinda wa Soror zilipo. Komabe olemba anasankha njira ina, ndipo chimene chikugwetsa anthu tsopano ndi kachilombo kochokera mu labotale ya kampani yofufuza mankhwala a matenda a Alzheimer. Mu War for the Planet of the Apes ya mu 2017 anthu amayambadi kusiya kulankhula, ndipo muli kamtsikana kotchedwa Nova pokumbukira nkhani yakale, koma kusalankhulako ndi matenda, osati ulesi.

Ndimawalemekeza mafilimu amenewa, makamaka awiri amene anatsogoleredwa ndi Matt Reeves, kuphatikizapo War for the Planet of the Apes, chifukwa anachita chinthu chovuta chotipangitsa kumvera chisoni nyani kuposa munthu. Koma bomba, kuukira kwa akapolo ndi kachilombo zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zonse zimachitika pa tsiku lodziwika, zili ndi wozichita, ndipo kamera ikhoza kuziloza. Kugwa kumene Boulle analemba kulibe tsiku, kumachitika m'nyumba zambirimbiri mwakachetechete pamene munthu aliyense akusiyira wina ntchito imodzi yaing'ono ya kuganiza. Wolemba filimu amene angafune kukuonetsa ayenera kupeza njira yojambulira Antelle akusintha popanda womukhudza, m'zigawo zokwanira kuti woonera akhulupirire, ndipo ntchito yotero ingayenere sewero la pa wailesi ya kanema la zigawo zambiri kapena komiki yaitali kuposa filimu ya maola awiri.