Mwana akati “thupi ili landitembenukira”

Mayi wina wa kufupi ndi Ulongwe, ku Angónia kuno ku Mozambique, analowa m’chipinda chomwe ndimaperekeramo uphungu atagwira mwana wake pamkono ngati angathawe. Mwanayo anali wa zaka 17, wobadwa wamkazi, atavala buluku ndi jekete lalikulu ngakhale kuti unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo sanadikire n’komwe kuti ndiwapatse mpando.

“Adotolo, mwanayu amulodza. Chitenje akukana, tsitsi anameta yekha, akuti tizimuitana dzina lachimuna. Kwa asing’anga tapitako kawiri, abusa amupempherera, koma ayi ndithu.”

Nditawapempha kuti adikire kaye panja, mwana uja anakhala duu, akungoseweretsa zipi. Patapita nthawi anati, “Mabere atayamba kumera anzanga ankanyadira. Ine ndinkalira usiku. Ndinkaona ngati thupi landitembenukira.” Jekete lija linkabisa bandeji yomwe anadzimanga nayo pachifuwa mothina kwambiri, moti akakwera kachitunda mpweya unkamuthera.

Kwathu kuno nkhani zonse za mtunduwu timaziponya m’dengu limodzi n’kuzitcha mathanyula, liwu lomwe ndi chitonzo kale. Koma kukopeka ndi munthu wina ndi nkhani ina, kudzimva mumtima kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi ndi nkhani inanso. Mwana uja sanabwere ndi nkhani ya chibwenzi ayi. Chimene chinkamusowetsa tulo n’chakuti zimene ankadzimva sizinkagwirizana ndi zimene azamba ananena tsiku limene anabadwa. Anthu otere achinyamata a m’tauni amangowatchula kuti trans. Palinso ena amene amabadwa ndi ziwalo zosaoneka bwinobwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi. Imeneyo ndi nkhani ya thupi, ndipo ili payokha.

Amene munkamvera wailesi za ku Malawi mukukumbukira chinkhoswe cha Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza kumapeto kwa 2009. Khothi linawalamula kukakhala kundende zaka 14 mu Meyi 2010, kenako pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Dziko lonse linkati amuna awiri atomerana. Chikhalirecho Tiwonge mwini wake ankanena poyera kuti iye ndi mkazi, ndipo ochepa okha ndiwo anamva mawuwo.

Funso la makolo limakhala limodzi: kodi ndi misala? Ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990. Mu 2019 linavomereza buku latsopano la matenda, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo m’menemo kusagwirizana kwa thupi ndi mmene munthu amadzimvera sikulinso m’gulu la matenda a maganizo. Chimene ndimaona chikudwalitsa ana amenewa ndi ndodo, kutonzedwa pa chitsime, kumwetsedwa mankhwala osanzitsa kuti “chiwanda” chituluke, ndi maganizo a atsibweni akuti akangokwatiwa n’kubereka zitha zokha. Sizitha. Mwana amangosiya kulankhula, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. N’chifukwa chake ndimawafunsa mosapita m’mbali ngati maganizo amenewo anawabwererapo. Kufunsa sikumuika munthu ganizolo m’mutu, kumangomupatsa mpata wotula katundu.

Komanso ndisakunamizeni kuti aliyense amene akudzifunsa mafunsowa ndi trans. Pali mtsikana amene amangodana ndi zoti iye azitunga madzi mchimwene wake akumenya mpira. Pali amene anagwiriridwapo ndipo thupi lachikazi limamukumbutsa tsiku limenelo. Pali amene amadzifunsa zaka ziwiri n’kukhazikika momwe analili, ndipo pali amene anadziwa ali ndi zaka zisanu ndipo sadzasintha. Ntchito yanga si kudinda chidindo pa mphumi pa mwana tsiku loyamba. Nthawi ya kutha msinkhu ndi chinamwali ndi pamene mafunsowa amakula, chifukwa mudzi wonse umakhala ukumuuza mwana chimene ayenera kukhala, ndipo akufunika munthu mmodzi yekha amene angamumvetsere popanda kuthamangira kukaulula.

Za malamulo anthu ambiri ku Angónia ndi Tsangano amasokoneza, poti timamva nkhani za mbali zonse ziwiri za malire. Ku Mozambique, malamulo atsopano a milandu anayamba kugwira ntchito mu Juni 2015, ndipo anachotsa ndime zakale za atsamunda za mu 1886 zomwe zikanatha kugwiritsidwa ntchito polanga anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. Chaka cha 2014, pulezidenti wakale Joaquim Chissano analembera kalata atsogoleri a mu Africa kuwapempha kuti anthu amenewa asamasalidwe. Koma mukangodutsa pa Calómuè kulowa ku Dedza, kapena pa Zóbuè kulowa ku Mwanza, lamulo la zaka 14 lija likadalipo, ndipo khothi la ku Malawi linalisiya momwemo mu Juni 2024. Wapolisi safunsa kuti mumtima umadzimva ndani. Amaona kavalidwe ndi chiphaso. Wachinyamata amene amapita kukagula katundu kutsidyako azidziwa zimenezi.

Lamulo likhoza kukusiya, koma kusungulumwa kumakhalapobe. Mwana uja ankakhulupirira kuti padziko lonse ndi iye yekha wobadwa chonchi. Tsiku limene anacheza koyamba pa WhatsApp ndi mnyamata wa trans wa ku Beira, amene ali pa ntchito ndipo amayi ake amamuyendera, anati anagona tulo mpaka kutuluka kwa dzuwa. Zimenezo ine ndi satifiketi yanga sindikanamupatsa. Anzake otere amadziwa namwino amene sanyoza, mawu oyambira nawo pouza makolo, ndi nthawi imene kuli bwino kungokhala chete kaye mpaka utamaliza sukulu.

Bungwe lodziwika kwambiri la anthu amenewa m’dziko muno ndi Lambda, lomwe linayamba mu 2006 ndipo kuyambira 2008 linakhala zaka zambiri likupempha boma kuti lililembetse. Likulu lake lili ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno, ndipo zambiri zimayenda m’Chipwitikizi. Mwana wa kumudzi amene Chinyanja ndiye chake amadalira foni basi. Apa ndiye ndimachenjeza kwambiri. Si aliyense wokutumizira uthenga wokoma pa Facebook amene ndi mnzako. Ena amapempha chithunzi lero, mawa n’kumafuna ndalama pa M-Pesa kuti asachitumize kwa abambo ako. Chithunzi cha nkhope kapena chamaliseche usatumize, wokumana naye koyamba ukumane naye masana pagulu, ndipo ngati foni mumabwerekana panyumba, uzifufuta mauthenga. Wosakwana zaka 18 amene akuopsezedwa kapena kumenyedwa akhoza kuimba 116, nambala yothandiza ana ya Linha Fala Criança, kwaulere.

M’magulu omwewo mumayendanso malangizo a mankhwala. Ena obadwa aamuna amamwa mapilitsi olera ambirimbiri kuti mabere amere. Mahomoni a m’mapilitsi amenewa akhoza kuundanitsa magazi m’mitsempha, makamaka kwa osuta fodya, ndipo magazi oundanawo akafika m’mapapo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Bandeji yothina nayo imavulaza nthiti ndi khungu. Mwana uja tinagwirizana kuti aisiye, azivala kamalaya kamasewera kogwira thupi, ndipo usiku azivula. Zina zonse zokhudza thupi zidutse kwa dokotala, kuyambira pa chipinda cha achinyamata cha SAAJ ngati chipatala chanu chili nacho.

Mayi aja anabweranso patapita miyezi inayi, ali okha, atanyamula kachewere m’kathumba. Anati dzina lachimuna lija likuwakanikabe kutchula, lilime limakana. Atsibweni ake a mwana anali atabwera ndi nkhani ya mwamuna wa ku Moatize wofuna banja, ndipo iwo anawayankha kuti mwana ali pa sukulu.

“Panopa ndimangomuitana kuti mwanawe,” anatero. “Amavomera.”